Ulusi Wofiira pa Jombo

Ndinali pamzere kwa osoka nsapato, maso pansi monga mwa nthawi zonse, ndiye ndinayamba kuona mapazi a anthu awiri amene anali patsogolo panga ndisanaone nkhope zawo. Mtsikanayo anavala jombo zolemera, bambo wachikulireyo anali ndi patapata.

"Ulendo wa kuphiri, achemwali?"

"Mawa, bambo. Masiku anayi wapansi."

"Ine ndanyamula katundu wa alendo kumeneko zaka makumi awiri. Muvale masokosi awiri, ndipo chala chisamagunde kutsogolo potsetsereka. Jombo zikakhala zatsopano, matuza okhaokha."

"Izi n'zakale, zinafewa. Vuto lake zimandikokera kumanzere, ngati zili ndi kwawo."

"Tandionetsani lilime la jomboyo. Ulusi wofiirawu munasoka ndinu?"

"Ayi, ndinagula zili choncho."

"Ndinasoka ndine. Ife onyamula katundu timaika chizindikiro kuti wina akagwera kuphompho tikamuzindikire. Izi n'za mlamu wanga. Chikwama chake tinachipeza, ndodo tinaipeza. Iye ndi jombozi, ayi. Papita zaka zitatu."

"Aa, musandiopseze, bambo."

"Munagula kwa ndani?"

"Kwa bambo wina pamsika, dzana. Anali wosavala nsapato, mapazi ali onyowa, chonsecho kunja kuli dzuwa. Akuti iye anasiya zoyendayenda. Anandijambuliranso njira yachidule papepala."

"Yodzera kumanzere kwa mathithi?"

"Mwadziwa bwanji?"

"N'komwe tinapeza ndodo ya mlamu wanga. Vulani, achemwali. Tengani patapata zangazi. Matuza amapola."