Tsiku limene kaligo wa bambo anangoti zii

Omvera anzanga, ndine mayi wa ku Chiuta ndipo ndimayimba m'gulu la banja lathu. Bambo amayimba kaligo wa chingwe chimodzi, mlongo wanga amayimba gitala imene anaphunzira tili othawa nkhondo ku Malawi, ine ndimatsogolera nyimbo.

Patapita zaka titabwerera kwathu, anatiitana kukasangalatsa ukwati ku Amaramba. Gule atafika pachimake, kaligo anangoti zii. Nditacheuka ndinaona bambo akuyang'anitsitsa amalume a mkwatibwi. Nanenso ndinawazindikira. Ndi amene anatsogolera amfuti kudzatentha mudzi wathu, tsiku limene mkulu wanga anatengedwa osabweranso.

Mlongo wanga anatula gitala n'kuimirira. Ovina onse anaima. Ine ukali wake ndinkaudziwa.

"Khala pansi," anatero bambo motsitsa mawu.

"Bambo, mwawaona amenewo?"

"Ndawaona. Koma taona mkwatibwiyo. Nthawi imeneyo anali wakhanda kumsana kwa amake. Tola gitala."

Mlongo wanga anapumira m'mwamba, kenaka anawerama n'kuitola. Bambo anakoka uta, kaligo analira, ife tinatsatira. Ndinayimba misozi ikutsika, anthu n'kumayesa kuti ndi chimwemwe. Amalume aja sanavinenso. Anakhala pansi atagwira mutu mpaka tinamaliza.

Titafika pakhomo, bambo anakoleka kaligo pakhoma n'kunena kuti, "Ana anga, musaganize kuti ndamukhululukira. Ndangokana kuti atiwonongerenso tsiku lina."