Penti Pamwamba pa Dzimbiri

Litatsala ola limodzi kuti akaonane ndi dokotala, mayi anakhala pakhonde n'kuyamba kupaka zikhadabo zawo kyutekisi wofiira psuu. Amuna awo, amene anakalambira pa ntchito yopenta magalimoto, anangoti kukamwa yasa.

"Mayi, mukutani? Adokotala anati akufuna kuona zikhadabozo."

"Ndiye ndikuzikonza kumene. Mlendo salandiridwa m'nyumba yosasesa."

"Anati azione mmene zilili."

"Mmene zilili ndi zofiira. Si izi?"

"Iyayi! Dzulo zinali zotuwa, zoloweka pakati ngati kasupuni. Mwana wathu anati mwina magazi akuchepa, n'chifukwa chake mukumapuma kawiri pochokera kubafa."

"Ndi ukalamba basi. Mizere ili kunkhope, ilekerenji kuzikhadabo?"

"Mizere ya ukalamba ndikuidziwa. Koma supuni? Ine ndapenta magalimoto zaka makumi atatu. Wopaka penti pamwamba pa dzimbiri amakhala akufuna kugulitsa galimotoyo kwa chitsiru."

"Ndiye ine ndine galimoto?"

"Ayi, galimoto imalola kutsegulidwa boneti."

Mayi anapitiriza kupaka. Kunena zoona ankaopa. Mkulu wawo anapita kuchipatala ndi kanthu kakang'ono, osabwerako.

"Akakandipeza ndi matenda bwanji?" anafunsa chapansipansi.

"Ndiye kuti analipo kale. Dokotala sagawa matenda, sikuti amasunga m'dirowa." Bambo anatulutsa kansalu ndi botolo la thina. "Bweretsani dzanja."

"Aa! Thina wa galimoto pathupi panga? Mwapenga eti?"

"Amachotsa bwinobwino. Sanandikhumudwitsepo."

"Chabwino, ndifufuta ndekha ndi mankhwala ake. Koma tikakafika, inunso mukavule masokosi."

Bambo anabweza mapazi kunsi kwa mpando. "Oitanidwa ndinu. Papepala palembedwa munthu mmodzi."

"Zaka zitatu mukugona ndi masokosi! Chikhadabo cha chala chachikulucho chakhuthala, chasanduka chachikasu, chodulira chinathyokera pomwepo. Mabulangete awiri chang'amba. Miyendo yangayi mmene chaikandira, anthu amaganiza kuti tikuweta mphaka."

"Ndi ukalamba basi."

"Ohoo! Mukawauze adokotala choncho. Ndikakuvulani ndine nsapatozo, manesi onse akuona."

Bambo anayang'ana kumapazi, n'kuyang'ana kumsewu. Kenako anasendera pafupi, natsitsa mawu.

"Mayi, kyutekisi uja watsalako m'kabotolomo?"