Ndinatsitsa Phewa Dala

Abale ndi alongo mwa Ambuye, ambiri a inu mumandidziwa ndi dzina lakuti Amerika. Dzina limenelo ndinkalikonda kuposa limene anandipatsa bambo anga. Ine ndine Limbani. Makolo anga ndi a ku Ntcheu, anabwera kuno ku Rumphi pa ntchito ya boma ine ndikukwawa, ndiye mundikhululukire, Chitumbuka changa chimatsimphina mpaka lero.

Ndili ku sekondale ku Khondowe ndinkasewera handibolo. Amayi kumbuyoko musati netibolo ayi. Uwu ndi mpira woponya ndi dzanja m'goli, ndipo woponyayo amayamba walumpha, n'kuponya ali m'malere. M'timu yathu oopsa tinalipo awiri, ine ndi Vitumbiko, mwana wa msodzi wa ku Chitimba. Tinkagona chipinda chimodzi. Sopo tinkadulirana ndi ulusi.

Kenaka mwayi unandigwera. Alendo ena a mpingo ataona msinkhu wangawu anandithandiza kupita kwawo ku America kukaphunzira. Kumeneko ndinapeza mpira wina, wooneka ngati papaya, wosewera mutavala zisoti. Ntchito yanga inali imodzi basi, kugwetsa munthu. Kochi ankakuwa tsiku ndi tsiku kuti tsitsa phewa, loza m'chiuno, usaime mpaka agwe. Zimenezo ndinkakhoza kwambiri. Mabuku ndiye ayi. Patatha zaka ziwiri mayeso anandikana, anandibweza. Kunyumba ndinanama kuti kuzizira kunanditopetsa.

Ndinabwera ndi chisoti m'chikwama ndi matama odzaza mutu. Ndinkayembekeza kuti boma lonse lindiimirira. Koma ndinapeza Vitumbiko ali kaputeni, anthu akuimba dzina lake pabwalo. Ine ankangondifunsa kuti, "Amerika, watitengera chiyani?" Zinandiwawa, abale. Ndinakalowa timu ina kuti ndikumane naye.

Tsiku la masewero linafika, pabwalo la simenti. Mu handibolo muli lamulo limene aliyense amalidziwa: munthu akakhala m'malere sumukankha, chifukwa alibe pogwira. Vitumbiko anali atagoletsa kale kangapo, anthu akuimba. Analumphanso. Ine ndinatsitsa phewa, ndinaloza m'chiuno, sindinaime.

Anagwera phewa lamanja. Kulira kwa fupa lija ndimakumvabe, ngati nkhuni youma ikuthyoka.

Pomwepo Satana anandipatsa mawu okoma. Ndinati, "Pepani, thupi linangozolowera mpira wa ku America." Anthu anavomera. Ena mpaka anaseka, amvekere mwana wasokoneza mipira. Dzanja la Vitumbiko silinakwerenso kupitirira phewa. Handibolo inathera pomwepo, nkhafi ya bwato la bambo ake sanaigwirenso.

Anapunduka ndi iye, koma amene anasowa pokhala ndine. Ndinapita ku Mzuzu, sindinakhalitse. Ndinapita ku Karonga, chimodzimodzi. Ntchito ndinkaisiya isanandisiye. Ndikakhala pampando mwendo unkangogwedezeka wokha, mpaka anthu ankandifunsa ngati ndikupalasa makina osokera. Ndinkamwa kuti mwendowo ukhale chete, koma mowa ukatha unkayambiranso. Ndipo paliponse pomwera ndinkafotokoza nkhani yomweyo, ya thupi lozolowera, kufikira inenso ndinatsala pang'ono kuikhulupirira.

Minibasi ikamadutsa pa Chitimba ndinkawerama ngati ndikumanga nsapato. Zaka zisanu ndi zinayi ndikumanga nsapato pamalo amodzimodzi!

Tsiku lina masana, ndikuchokera ku Karonga, minibasi inaima pa Chitimba pomwepo. Bambo wina anabwera ndi dengu la usipa. Kondakitala anati alikweze pamwamba pa katundu. Anayesa, dzanja linakana. Anayesanso. Kondakitala anakalipa, "Madala, fulumirani! Dzanjalo munabwereka?" Anthu anaseka.

Ndinadzutsa mutu. Anali Vitumbiko.

Anakhala mipando iwiri patsogolo panga. Sanandione, ndinali nditakokera chipewa kumaso. Ndinkangoyang'ana phewa lija, lotsika kuposa linzake. Ndinamenya chitseko, ndinatsika pamalo popanda ngakhale nyumba, ndinayenda dzuwa likuswa mtengo.

Nthawi imeneyo ndinkachita lendi ku Mhuju, pafupi ndi a Gondwe, mkulu wa mpingo uno. Anali atandiitanira ku tchalitchi kambirimbiri, ine n'kumawazemba. Tsiku limenelo ndinapita kwawo ndekha. Ndinawafotokozera zonse, ndipo pomaliza ndinaikapo bodza langa lija, poti linali litazolowera pakamwa.

A Gondwe anandimvetsera mpaka kumapeto. Kenaka anati, "Mwana wanga, mwati thupi linazolowera. Nanga mtima unali kuti?"

Palibe anali atandifunsapo zimenezo. Ndinalira ngati mwana, chimunthu chonsechi. Kwa nthawi yoyamba ndinanena ndi pakamwa panga kuti ndinachita dala. Ndinaona kuti ali m'malere, ndinadziwa kuti pansi ndi simenti, ndipo ndinafuna kuti nyimbo ija ithe. Tinagwada pomwepo, ndinapereka moyo wanga kwa Yesu.

Titadzuka ndinkaganiza kuti zatha. A Gondwe anati, "Chiuta wamva. Koma Vitumbiko sanamve. Ndipo kuno kwathu wolakwa sapita chimanjamanja. Kagwireni nkhuku, ndikuperekezani."

Tinamupeza akutembenuza usipa pathandala ndi dzanja lamanzere. Ndinagwada pamchenga, nkhuku ili m'manja. Mawu okonzeratu onse anathawa. Ndinangoti, "Vitu, sinali ngozi. Ndinatsitsa phewa dala."

Anasiya kutembenuza usipa. Kenaka anati, "Ndinadziwa, Limbani. Ndinaona maso ako ndili m'mwamba. Zaka zonsezi aliyense amandiuza kuti inali ngozi, ine n'kumangovomera kuti yewo, yewo. Mpaka ndinayamba kudziona ngati wamisala, kapena munthu woipa mtima woganizira mnzake zoipa. Dzanjali ndinalizolowera. Chimene chinkandidya n'chimenecho."

Abale, ndinali nditamuthyola kawiri, poyamba ndi phewa, kachiwiri ndi bodza.

Musaganize kuti anandikumbatira. Anati nkhukuyo ndiisiye, ndipite, aganize kaye. Ndinabweranso, anangondipatsa moni. Ulendo wachitatu ndinapeza nkhuku ija yaphedwa. Tinadya mbale imodzi, ndipo anandiponyera chiwindi monga tinkachitira kusukulu. Anati, "Nakugowokera, mubali wane," kutanthauza kuti ndakukhululukira, m'bale wanga.

Sindikuuzani kuti dzanja linachira. Silinachire. Vitumbiko ali pompano, benchi lachitatu apo, wakwera minibasi m'mawa kudzamva ndikunena izi pamaso panu, chifukwa bodza lija ndinalinenanso pamaso pa anthu. Tikamaimba n'kukweza manja, lake limathera paphewa. Ine ndimaliona, ndipo ndidzaliona mpaka kufa. Koma taonani mwendo wangawu. Waima. Mowa ndinasiya, ndipo pa Chitimba ndimadutsa mutu uli m'mwamba, nthawi zambiri ndimatsika kumene.

Alemekezeke Yesu amene anandigwira ine wothawathawa n'kundikhazika pansi. Sanandigwetse monga ndinkagwetsera anzanga. Anangondifunsa funso limodzi kudzera mwa mkulu wake.

Mwina pano pali wina amene ali ndi Chitimba chake, pamalo pamene amawerama kumanga nsapato. Mwina muli ndi nkhani imene mwaikonza bwino, anthu onse anaivomera, koma inu ndi Mulungu mukudziwa pamene mtima unali. Bwerani kutsogolo kuno tipemphere limodzi. Mawa mukagwire nkhuku yanu. Ngati mukuopa kupita nokha, ine ndi Vitumbiko tikuperekezani.