Moni Amene a Maynard Magombo Sanaumve

Malemu bambo Maynard Yoramu Magombo anabadwa pa 14 Juni 1957 kuno ku Kandeu, m'banja la ana asanu. Iwo anali achiwiri, ndipo ine Benson, amene ndaima pano m'malo mwa banja, ndine womaliza. Mafumu, abusa ndi nonse amene mwasonkhana, mukudziwa kuti m'mawa uno adzukulu akumba manda mpaka m'chiuno n'kuika makasu pansi. Akuti malemu sankayankha moni, ndipo pamaliro a anzawo ankakhala patali ngati mlendo. Sindikuwatsutsa adzukuluwo. Ndingopempha kuti mbiriyi muimve mpaka kumapeto.

Sukulu anayamba mu 1965 konkuno. Mu 1973 anasankhidwa kupita ku sekondale ya Ntcheu, ndipo mu 1978 anapita ku Blantyre kukaphunzira za magetsi ndi mawailesi. Khasu sankaligwira bwino, izi ndiye sitingabise. Mizere yawo ya mbatata inkakhota mpaka mayi athu ankaseka. Koma wailesi ikangoyamba kukhosomola, ankadziwa chovuta asanaitsegule n'komwe.

Mu 1981 anayamba ntchito ku bwalo la ndege la Chileka. Pa 6 Ogasiti 1983 anamanga ukwati woyera ndi mayi Eliness Nangondo a ku Champiti, amene akhala apowa. Mu 1995 anasamukira ku kampani ina ya ndege zing'onozing'ono zonyamula madokotala ndi odwala kumadera ovuta misewu.

Ambiri kuno tinkangoti amagwira ntchito ya ndege. Ntchito yeniyeni inali iyi. Woyendetsa ndege amavala mahedifoni kuti azimvana ndi anthu a pansanja amene amamuuza potera. Magetsi a ndege akasokonekera, m'mahedifonimo mumalowa phokoso, mawu osamveka, ndipo munthu amene ali m'mwamba atanyamula wodwala sakhala ndi poima kuti afunse njira. Malemu ndi amene ankasaka phokosolo. Ankaliza injini, n'kukhala chete kumvetsera. Likamalira ngati udzudzu n'kumakwera pamodzi ndi injini, ankapita pa alitaneta, kachipangizo kopanga magetsi. Likamathetheka, ankayang'ana mawaya a mapulagi. Likamang'ung'udza osasintha, ankadziwa kuti waya wobweza magetsi ku chitsulo cha ndege wamangidwa malo awiri, pamene umayenera kumangidwa malo amodzi okha. Anzawo ankadalira mamita oyezera magetsi, iwo ankadalira makutu, ndipo zotchingira makutu sankazifuna chifukwa ankati zimawabisira matenda a ndege.

Mu Okutobala 1999 panali ndege ina imene inalepheretsa amisiri atatu. Anasintha wailesi, anasintha mahedifoni, phokoso lili pompo. Malemu anakhala nayo masiku asanu ndi anayi, injini ikulira pambali pa khutu lawo lakumanzere, akumasula waya umodziumodzi. Chovuta anachipeza pansi pa bawuti imodzi: ndegeyo itapakidwa penti watsopano, penti analowa pakati pa waya ndi chitsulo. Anapala ndi mpeni, anamanganso bawutiyo, phokoso linatheratu. Anzawo amene abwera lero akuti ndegeyo inanyamula odwala zaka zina khumi. Koma kuyambira sabata imeneyo khutu lija linayamba kulira lokha.

Mu Febuluwale 2006 woyendetsa ndege wina anadandaula za kaphokoso kosongoka. Malemu anavala mahedifoni, anamvetsera, osamva kanthu. Kuchipatala anawauza kuti khutu lakumanzere linafa, ndipo lakumanja latsala pang'ono. Akadatha kubisa n'kumangosaina mapepala kuti ndege zili bwino, palibe akadadziwa msanga. Iwo anasiya ntchito sabata yomweyo, chifukwa sanafune kuika dzina lawo pa ndege imene sanaimve.

Chaka chomwecho anabwerera kuno kumudzi, ndipo apa ndi pamene analakwitsa. Anawalumbiritsa alamu anga kuti asauze munthu, ngakhale ife abale. Munthu amene dziko linkamudziwa ndi makutu anachita manyazi kutchedwa gonthi. Anaphunzira kuyang'ana milomo, choncho amene munkayankhula nawo maso ndi maso simunazindikire kanthu. Koma ife kuno moni timapereka tili kutsidya kwa dimba, kapena tili panjinga kumbuyo kwa munthu. Moni wotero sunkafika. Pamaliro ankakhala patali chifukwa pagulu khutu lotsalalo linkangosokosera, ndipo ankaopa kuyankha anamfedwa zosemphana ndi zimene anena.

Mu 2011, tsiku la msika pa Kandeu, ndinawaitana katatu ali patsogolo panga, ine nditasenza thumba la mbatata. Sanacheuke. Ndinapsa mtima, ndinanena pagulu kuti achimwene ndege zinawalowa m'mutu, anthu a fumbi ngati ife sationanso. Mawu amene mwakhala mukunena zaka zonsezi anayambira pakamwa panga. Kuyambira tsiku limenelo sindinapondenso pakhomo pawo, zaka zisanu ndi zitatu, nyumba zathu zili moyang'anana.

Malemu akhala akuvutika ndi shuga kuyambira 2015. Pa 3 Julayi chaka chino cha 2019 anagwa m'munda, mbali imodzi ya thupi inafa, ndipo anagonekedwa pa chipatala cha Ntcheu. Ine ndinazengereza, ndinkati ndipita Loweruka la pa 13. Anatisiya Lachiwiri pa 9 Julayi, ali ndi zaka 62. Dzulo masana alamu anga anandiitana, anandipatsa buku la kuchipatala la 2006 kuti ndiwerenge ndekha. Bukulo ndi ili, aliyense wofuna abwere aone. Alamu asenza chinsinsichi zaka khumi ndi zitatu, pamodzi ndi mawu athu onyoza, osatsegula pakamwa. Ine ndikuchita manyazi, ndipo mtima ukundipweteka kwambiri.

Malemu asiya mkazi wawo, mayi Nangondo; ana anayi, Dailes, Nicholas, Veronica ndi Steve; zidzukulu zisanu ndi ziwiri; komanso ife abale awo awiri, ine ndi achemwali a Janeti. Banja likuthokoza anamwino amene anawasamalira, amayi a Mvano amene sanachoke pakhomo pano, a Bizwell amene anathamanga nawo pagalimoto yawo, ndi anzawo akuntchito amene abwera ndi bokosi kuchokera ku Blantyre.

Tsopano kwa inu a Cosmas, mkulu wa adzukulu, ndi anzanu nonse. Mwambo wanu ndi wabwino, ndipo umagwira munthu wodzikuza. Amene agona m'bokosimu sanali wodzikuza, anali wosamva. Ngati pali woyenera kulangidwa ndine, ndipo mlanduwo musunge, mudzautulutse tsiku langa. Lero ndikupempha kuti mubwerere kumanda. Mukakana sindidandaula, koma mundibwereke khasu limodzi, nditsike m'dzenjemo ndimalize ndekha, ngakhale dzuwa lindilowere.

Achimwene, ndinakuitanani katatu ndili kumbuyo kwanu, pamene kunali kungoyenda mapazi khumi n'kuima pamaso panu. Lero ndaima pamaso panu mochedwa. Mundikhululukire, ndipo mzimu wanu uuse mumtendere.