Ndinati ndazindikira mapazi a gule

Aulutsi ndi omvera anzanga, ine ndimakhala ku Mitundu, ndipo ndangoyamba kumene ntchito yoseketsa anthu pamisonkhano. Mnzanga wina anandiuza kuti woseketsa weniweni amanena zimene ena amaopa. Ine, kupusa, ndinamumvera.

Loweruka lina masana anandiitana ku ukwati ku Nathenje. Nthabwala zanga zoyamba sizinagwire, anthu ankangondiyang'ana. Thukuta litayamba kutsika, ndinati: "Dzana ndinakumana ndi gule panjira. Nditayang'ana mapazi ndinati, aa, awatu ndi amalume anga!"

Palibe anaseka. Amayi anaweramitsa mitu, ena anatseka ana awo m'makutu, ndipo mwini zoimbira anazimitsa maikolofoni. Kwathu kuno gule ndi chilombo chochokera kumanda. Kunena poyera kuti ndi munthu n'kuulula za kudambwe.

Potuluka ndinapeza amuna anayi ataima pachipata. Wamkulu wawo anandigwira dzanja mofatsa.

"Achimwene, kodi munameta inu?"

Ndinapukusa mutu.

"Ndiye tiyeni mukawaone bwino mapaziwo."

Amene anandipulumutsa ndi bambo a mkwatibwi. Anagwada pafumbi ndi suti yawo yatsopano, n'kumawomba m'manja kundipepesera mpaka amuna aja anandisiya. Munthu wamkulu kugwada tsiku la ukwati wa mwana wake, chifukwa cha pakamwa panga!

Mpaka lero ndikamva ng'oma ndimasintha njira. Koma chondipweteka kwambiri si amuna aja ayi. Ndinaziona zithunzi za ukwatiwo. Pa chilichonse, mawondo a bambo aja ali mbuu.