Buku la Khumi ndi Chiwiri la Enci Femmy

Malemu amayi athu anabadwa Lolemba, pa 14 Malichi 1949, konkuno ku Langowan, m'nyumba yamatabwa imene inali kuseri kwa msika wakale. Dzina lawo lonse ndi Femmy Altje Wowiling, koma ambiri mwakhala pano mumawadziwa kuti Enci Femmy, kutanthauza kuti aphunzitsi a Femmy, poti anakuphunzitsani inuyo kapena ana anu. Ine ndaima panone ndine Noldy Rumengan, mwana wawo woyamba. Abusa, akulu a mpingo, abale ndi anansi, mundipirire. Banja landisankha kuti ndiwerenge mbiriyi, koma amene tinakhala nawo m'kalasi imodzi akudziwa kuti kuwerenga pagulu si mbali yanga. Ine ntchito yanga ndi kuyendetsa minibasi. Ndipita pang'onopang'ono.

Malemu anali achinayi mwa ana asanu ndi awiri a Bambo Jusop Wowiling ndi Mayi Lientje Kaunang. Anayamba sukulu mu 1956. Nkhondo yapachiweniweni ija itafika mu 1958 sukulu inatsekedwa, ndipo banja linathawira kumunda, m'tsinde mwa phiri. Kumeneko kunali buku limodzi lokha la ana, lonena za mtsikana amene ankafunafuna mlongo wake. Malemu analiwerenga kosawerengeka, koma masamba omaliza munalibe, chifukwa malume awo anapichirira fodya. Mpaka kukalamba kwawo ankati akakumbukira, mkwiyo umabweranso. Ankati, "Munthu wamkulu ndithu, kusuta mapeto a buku la mwana!"

Mu 1965 anapita ku sukulu ya uphunzitsi ku Tomohon, ndipo mu 1969 anayamba kuphunzitsa pa pulayimale ya mpingo wathu. Nthawi imeneyo ndi pamene anadziwana ndi bambo athu, malemu Yopie Rumengan, amene ankayendetsa ngolo ya hatchi. Bambo ankawanyamulira katoni ya mabuku osawalipiritsa. Tsiku lina amayi anawabwereka buku. Bambo analisunga sabata ziwiri pansi pa mpando wa ngolo, n'kulibweza akuti ndi lokoma kwambiri. Amayi atafunsa kuti linatha bwanji, bambo anapeka mapeto awoawo, muli ukwati ndi hatchi yoyera. Amayi ankanena kuti anadziwa pomwepo kuti munthuyu ndi wabodza, koma bodza lake linali labwino kuposa bukulo. Anakwatirana pa 18 Seputembala 1971. Ine ndinabadwa mu 1972, ndipo mlongo wanga Meiske anachedwa, anabwera mu 1983.

Mu 1987 bambo anakhoma mashelefu pakhonde la nyumba ino, pamene pali bokosi la amayi leromu. Kuyambira pamenepo ana a tauni yonse ankabwera masana kudzawerenga. Malemu sankapereka buku mwachisawawa. Ankayamba amuyang'ana mwana, kumufunsa za kwawo, za chimene amaopa, za chimene chimamuseketsa, kenako n'kutembenukira ku shelefu. Ankati buku lili ngati nsapato, labwino kwa mnzako likhoza kukuluma iweyo. Ambiri mwa inu a imvi zoyamba mukukumbukira fungo la khondeli, la khofi ndi mapepala onyowa ndi mvula, ndi mawu aja akuti, "Kasambe m'manja kaye."

Mu 1994 anayamba mwambo umene tonse tinauzolowera. Chaka chilichonse ankasankha mabuku khumi ndi awiri a ana ndi achinyamata, atsopano okhaokha, otuluka chaka chomwecho. Ankatayipa mndandanda pa makina awo akale aja, n'kukaumata pa chitseko cha tchalitchi Lamulungu loyamba la Adiventi, nyengo yodikira Khirisimasi. Makolo ankakopera, n'kupita ku Manado kukagula mphatso za Khirisimasi. Ine ndanyamula makolo ambiri m'minibasi atagwira kapepala ka Enci m'manja.

Mu 1996 anachita cholakwa chimene sanadzikhululukire. Nthawi inawathera, ndiye buku limodzi analiika pa mndandanda atangoliwerenga theka, pokhulupirira mawu a wogulitsa. Mayi wina wamasiye anagulira mwana wake, amene bambo ake anali atangomira panyanja chaka chomwecho. Kumapeto kwa bukulo, bambo wa m'nkhanimo anamiranso. Mwanayo anasiya kubwera pakhonde pano. Kuyambira tsiku limenelo malemu anaika lamulo: buku limene sanalifikitse pa tsamba lomaliza silikwera pa mndandanda, ngakhale atalitamanda ndani.

Pano ndinene za ine, chifukwa mbiriyi ikakhala yopanda zimenezi ikhala yabodza. Amayi anapezera buku mwana aliyense wa tauni ino kupatula wawo. Kwa ine zilembo zinkasokonekera, mzere ndikauyamba ndinkasochera pakati. Ndinabwereza kalasi yachitatu, mwana wa Enci weniweni, ndipo anzanga sanandisiye. Amayi anayesa mabuku a magalimoto, a mpira, a mizukwa. Ine ndinkathawira kukhola la hatchi. Ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi ndinasiya sukulu n'kukhala kondakitala. Sanandikalipire, ndipo chimenecho ndi chimene chinandipweteka kwambiri. Tsiku lina ndinawamva akuuza bambo kukhitchini kuti, "Yopie, ana a eni ndawakwanitsa, wanga yekha ndamulephera." Zaka zoposa makumi atatu zinapita, ine ndi amayi tikukamba za mafuta, za mvula, za mitengo ya nsomba, koma za mabuku ayi.

Malemu anapuma pa ntchito mu 2009. Bambo anatisiya mu 2013. Mu 2016 Meiske anapita kukagwira ntchito ku Hong Kong, nasiya mwana wake Gratia, wa zaka zisanu, m'manja mwa agogo ake. Mu 2019 amayi anapezeka ndi matenda a shuga, koma mndandanda sunadumphe chaka n'chimodzi chomwe.

Mu Epulo chaka chino maso awo anachita khungu. Mabuku atsopano anali akubwerabe, otumizidwa ndi ana awo a sukulu amene ali ku Jakarta ndi ku Makassar, ndipo anaunjikana patebulo. Amayi abusa anadzipereka kuti aziwawerengera. Anabwera kawiri. Mundikhululukire amayi abusa, koma malemu anati mumawerenga ngati mukulengeza zopereka. Gratia anati awerenge iyeyo, agogo ake n'kukana, ati mwana sawerenga buku losayesedwa. Tsiku lina masana ndikutsika m'minibasi amayi anandiitana.

Anati, "Noldy, khala apa. Tenga lapamwambalo."

Ine ndinati, "Mama, mwaiwala kuti mukulankhula ndi ndani? Ine ngakhale chikwangwani cha pamsewu ndimachidziwa ndi mtundu."

Iwo anati, "Ndiye ndakuitanira zimenezo. Enawa amathamanga. Iwe umakwawa, ndimva liwu lililonse. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Ndinakwiya, sindibisa. Bambo wa zaka makumi asanu ndi ziwiri, wa ana atatu, kugwira buku la zithunzi pakhonde, anthu akudutsa pamsewu. Madalaivala anzanga ankaimba hutala podutsa, n'kumakuwa kuti, "Noldy, ukakhoza uzatiuze, tikugulire yunifolomu!" Koma ndinakhala. Kuyambira Meyi, tsiku lililonse ndikamaliza ulendo wachiwiri, ndinkaika chala pansi pa mzere n'kuyamba. Ndikalakwitsa liwu sankandikonza, ankangodikira mpaka ndilipeze ndekha. Tinamaliza mabuku makumi awiri ndi awiri. Ena ankawataya atangotha. Lina lachikuto chokongola anati, "Ili si buku, ndi ulaliki wovala kabudula."

Amene anapambana ndi khumi ndi limodzi, ndipo anandilamula kuti ena mwa iwo ndidzawatchule pamaliro awo, poti ndi tsiku limene makolo onse adzakhale pamodzi osathawa. Mayina ake ndi a olemba mukawapeza pa chitseko cha tchalitchi mawa. Kwa aang'ono amene satha kukhala phee m'tchalitchi, pali lazithunzi, la kankhumba kamene kanakwera minibasi kokha kupita kumsika. Ndinawauza amayi kuti wolembayo sadziwa ntchito, palibe kondakitala angalole zimenezo, koma ndinaseka mpaka misozi. Kwa a zaka zisanu ndi zinayi kapena khumi, pali la mnyamata wachibwibwi amene akufuna kulowa kwaya. Pa limeneli amayi anati makolo muwerenge kaye inuyo, makamaka amene mumamalizira ana anu mawu. Pali la amapasa a pachilumba amene akulondera mazira a akamba a m'nyanja, la ana okonda zinyama ndi okonda kukangana. Ndipo kwa achinyamata amene maso sachoka pa foni, pali la mnyamata amene ananamiza anzake kuti kwawo n'kolemera, mpaka anzakewo anati tikubwera kudzacheza.

La khumi ndi chiwiri tinaliyamba pa 4 Novembala. Ndi lalitali, la masamba pafupifupi mazana awiri, lonena za mtsikana amene amayi ake amagwira ntchito kunja ndipo amawaona pa foni pokha. Titangomaliza mutu woyamba amayi anandigwira dzanja, nati motsitsa, "Ili ndi la Gratia. Koma usamuonetse mpaka tione mmene lithere." Ndinadziwa chimene ankaopa. Mphamvu zawo zinali zikutha. Masiku ena ankagona nditangowerenga masamba awiri, ndipo ine sindikanatha kuthamanga ngakhale ndikanafuna. Pa 22 Novembala tinapita nawo kuchipatala ku Tomohon, buku lili m'thumba langa. Lolemba masana ndinawawerengera komaliza. Anafunsa kuti, "Atsala angati?" Ndinati makumi atatu ndi limodzi. Anati, "Iwe ndi ulesi wako." Anamwalira Lachiwiri, pa 26 Novembala 2024, nthawi ya 10 koloko m'mawa, ali ndi zaka 75.

Malemu asiya ana awiri, ine ndi Meiske, mpongozi mmodzi, Mayi Deisy Lumintang, zidzukulu zinayi, ndi mng'ono wawo mmodzi, Mayi Sientje, amene akhala kutsogoloku. Banja likuthokoza abusa ndi akulu a mpingo, madokotala ndi anamwino amene anawasamalira, amayi a m'chigawo chathu amene akhala akuphika kuyambira Lachiwiri, abambo amene anaimika tenti mvula ikugwa, a kwaya, ndi madalaivala anzanga amene lero aimika minibasi zawo n'kunyamula anthu ulere. Mutu umodzi susenza denga. Mulungu akubwezereni.

Chatsala ndi chimodzi. Mndandanda uyenera kumatidwa mawa, ndipo mzere womaliza unali wopanda kanthu. Tinakambirana pabanja. Ena anati tilembe basi, amayi analikonda. Meiske anati ayi, lamulo la Mama ndi lamulo. Dzulo m'mawa, alendo asanayambe kufika, ndinakoka mpando n'kukhala pafupi ndi bokosili. Ndinawerenga masamba makumi atatu ndi limodzi aja mokweza, panalibe wondidikira ndikasochera, ndipo zinanditengera maola atatu. Nditatseka bukulo ndinalira, kenako ndinachita mantha, chifukwa womufunsa panalibe. Chigamulo chinatsalira ine.

Amayi akanandikalipira chifukwa choulula mapeto, koma ndiulula. Mayi wa m'bukumo samwalira. Amabwera kwawo. Koma sabwera kudzakhala: amakhala masiku ochepa, n'kukweranso ndege, ndipo mtsikanayo amamuperekeza. Ndinaganiza tsiku lonse ngati nsapato imeneyi singamulume mwana wathu. Ndinaona kuti bukuli silimunamiza, ndiponso silimusiya yekha. Ndalilemba pa mndandanda. Pa mabuku khumi ndi limodzi pali dzina la Enci Femmy. Pa lomalizali ndaika dzina langa, kuti ngati ndalakwa, mlandu ukhale wanga.

Gratia, mwana wanga, bwera udzalandire. Agogo ako anakusankhira, malume ako aliyesa mpaka tsamba lomaliza. Amayi ako akwera ndege yobwerera ku Hong Kong Lachinayi. Muli ndi masiku asanu, ndipo nonse awiri mumawerenga msanga kuposa ine. Mukawerengere limodzi pakhonde pano.

Mama, mwana wanu simunamulephere, anangochedwa. Ntchito ya chaka chino yatha. Gonani mu mtendere wa Ambuye, mpaka tidzaonane.