Makoti Atatu pa Dazi

Kutatsala milungu iwiri kuti mwana wawo wamkazi akwatiwe, a Telala anaimika amuna awo, a Penta, pakati pa chipinda chosokera kuti awayeze suti ya ukwati. A Penta anafika atakulunga mutu m'pepala la pulasitiki lomanga ndi chingwe cha nsapato, chifukwa pansi pake panali mankhwala omeretsa tsitsi amene akhala akulimbana ndi dazi lawo mwezi wachitatu tsopano.

Anthu awiriwa muwadziwiretu. A Penta akanena kuti khoma ili likhala lobiriwira, ngakhale mwini nyumba alire, likhala lobiriwira basi. A Telala nawo sakhulupirira kalikonse kamene sanakayeze ndi tepi, moti ukawafunsa kuti adzuka bwanji amayamba aganiza kaye, kuopa kunama.

"Kwezani manja," anatero a Telala, mapini ali kukamwa. Anazunguliza tepi pachifuwa cha amuna awo n'kuima. "Tepi ikudumpha."

"Ndiye igwireni bwino."

"Ndaigwira. Chikudumpha ndi chimene chili m'katimu."

"Ndi chisangalalo, amayi. Munthu akukwatitsa mwana."

"Mwezi watha munkakwatitsanso mwana yemweyu, koma tepi inali phee."

A Penta anayang'ana kudenga, n'kunena kuti pakona paja pakufunika kupentanso. A Telala sanawatsatire kudengako. Anagwada, kuyeza akakolo, n'kulemba ndi choko patebulo.

"Akakolo awonjezera inchi ndi theka."

"Nsalu yanuyo ndi imene yachepa."

"Sindinayeze nsalu. Ndayeza inu."

Kenako anatsegula kabokosi ka mabatani n'kutulutsa kapepala kamene kanabwera ndi botolo la mankhwala. A Penta anakataya tsiku loyamba lomwelo atapukutirako burashi, koma akazi awo anakatola, kukasita, n'kukasunga. Anawerenga mzere ndi mzere, chala chikutsogolera: mtima ukamathamanga, ukamamva chizungulire, mapazi akamatupa, siya kupaka ukaonane ndi dokotala.

"Aa, zolembalemba za anthu a mu ofesi," anatero a Penta. "Pachitini cha penti amalembanso kuti koti imodzi ndi yokwanira. Ine zaka makumi atatu pantchitoyi, sindinaonepo khoma lokhuta ndi koti imodzi."

"Apa alemba kuti pang'ono, kawiri patsiku. Inu mumapaka kangati?"

"Kawiri patsiku."

"Eya."

"Makoti atatu m'mawa, atatu madzulo."

A Telala anachotsa mapini kukamwa limodzilimodzi n'kuwabaya pakatsamiro.

"Alembanso kuti khungu likhale lopanda zilonda."

"Zilonda zichokera kuti? Ndimangopalako pang'ono."

"Ndi chiyani?"

"Sandipepa."

"Abambo."

"Yosalala ija, yomalizira. Sindine wamisala ayi. Pamalo poterera chinthu sichigwira, funsani mmisiri aliyense. Upale, upukute fumbi, upake, kenako uphimbe kuti zilowerere."

"Zikulowereradi," anatero a Telala, akuyang'ana akakolo aja. "Zafika mpaka kumapazi."

A Penta anamva ngati kuwayamikira. Anamasula chingwe cha nsapato, kuvundukula pulasitiki ija monyadira, n'kuweramitsa mutu pafupi ndi zenera kuti akazi awo aone okha ntchito ya manja awo. Dazi linali lofiira ngati nyama ya pabutchala, ndipo linkanyezimira kuposa kale. A Telala anavala magalasi n'kulizungulira kawiri.

"Tsitsi lamera."

"Mwaona? Nenaninso mokweza."

"Lamera m'makutu. Lina lili pachipumi apa, pamene mankhwala amayenderera."

"Likukwera. Chinyezi chimayambanso pansi pakhoma."

"Ndipo dzulo munakhala pansi muli pasitepe yachitatu ya makwerero. Mwini nyumba mukupentayo anandiimbira."

"Makwererowo ndi ogwedera."

"Anati munagwira pachifuwa."

"Ndinkafuna pensulo m'thumba."

Apa ndiye a Telala anafunsa zimene akanafunsa kalekale: tsitsilo ndi la chiyani, poti iwo anakwatiwa ndi munthu amene dazi linali litayamba kale, ndipo sanabweze? A Penta anazungulirazungulira, koma mapeto ake anaulula. Nkhani inali bambo ake a mkamwini. Munthuyo ngwamkulu kwa iwo ndi zaka zisanu, koma tsitsi lili bii, lothithikana ngati burashi yatsopano. Pa chithunzi cha ukwati adzaima moyandikana, ndipo chithunzicho chidzakolekedwa pabalaza, pakhoma limene a Penta anapenta ndi manja awo, kuti adzukulu adzafunse kuti gogo wowalayo ndani. Ankachita manyazi, ndipo manyaziwo anali enieni, osati a masewera.

A Telala anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anatenganso choko.

"Ndiye thalauzi ndisokere akakolo ati? A lero kapena a tsiku la ukwati?"

"Mukutanthauza chiyani?"

"Akamawonjezera chonchi, pofika tsikulo mwendo sudzalowa. Ndiyenera kudziwa ndisanadule nsalu."

"Dulani za lero. Ine ndili bwinobwino."

"Chabwino. Yendani."

"Ndipite kuti?"

"Kuchokera pakhomo la holo kukafika kutsogolo ndi mapazi makumi anayi ndi awiri. Ndinawerenga tsiku ndinkayeza mchira wa diresi. Mudzayenda mutagwira mwana dzanja. Yendani muno, ndione mmene thalauzi lizikhalira."

A Penta anaseka, kukoka kolala, n'kuyamba kuyenda uku ndi uku pakati pa makina osokera ndi chitseko, chifuwa chili patsogolo. A Telala ankawerenga mokweza. Pa khumi kuseka kunatha. Pa khumi ndi zisanu ndi ziwiri a Penta anatsamira khoma ndi dzanja, akupumira m'mwamba.

"Ndikuona ngati penti yauma," anatero.

"Munapenta chaka chatha."

A Telala anakoka mpando n'kukhazikapo amuna awo. Mayiwo anachita mantha, ndipo sanabise.

"Atsala mapazi makumi awiri ndi asanu, abambo. Amenewo mwanayo adzayenda ndi ndani?"

Koma makani a munthu satha ndi funso limodzi.

"Milungu iwiri yokha, amayi. Ukwati ukangotha, botolo ndidzataya ndekha. Sindingaime mutu uli mbee pambali pa munthu watsitsi ngati uja."

"Tsikulo adzakhala nalo, inde. Ndamaliza dzulo."

"Mwamaliza chiyani?"

"Tsitsi lawolo. Lili mu dirowa umu. Abwera kudzatenga Lachinayi."

A Telala anakoka dirowa ya pansi, ndipo pakati pa mazipi ndi zidutswa za nsalu anatulutsa chinthu chakuda bii, chopesedwa bwino, chokhala ndi mzere wake kumanzere. Anachiveka pachibakera n'kuchitembenuza kuti amuna awo aone msoko.

"Lasitiki inatha mphamvu, ndiye wigi imasendera kumbuyo akamaseka. Ndaika yatsopano. Mutu wawo ndi mainchi makumi awiri ndi atatu, wosalala kuposa wanu."

A Penta anatambasula chala n'kukhudza wigi ija pang'onopang'ono ngati ingalume.

"Ndiye masiku ano akuyenda bwanji?"

"Ndi chipewa. Akuti ali ndi chimfine."

"Mwakhala mukudziwa kuyambira liti?"

"Chaka chachinayi chino. Ndi kasitomala wanga."

"Ine miyezi itatu ndikudzipala ndi sandipepa, inu muli chete?"

"Simunandifunse. Inu mumafunsa galasi."

A Penta mapewa anayamba kugwedezeka, ndipo anaseka mpaka anagwiranso pachifuwa, ulendo uno osanamizira pensulo. Akazi awo anabweretsa beseni ndi kansalu kofewa n'kutsuka makoti atatu a m'mawa uja mosamala, kupewa pamene panasupuka. Anawafunsa ngati awayeze mutu kuti nawonso awapezere yawo, poti tepi inali pafupi.

"Wigi? Ine?" anatero a Penta. "Ndidzaima pa chithunzipo ndi mutu wanga weniweni, uwale mpaka wojambula atsinzine. Adzukulu adzadziwe kuti gogo mmodzi analibe lasitiki."

Anaimirira pang'onopang'ono, kuponya botolo ndi kapepala kosita kaja m'chikwama cha akazi awo kuti dokotala akaone, n'kuvala masilipasi poti nsapato zinali zitakana kale kulowa. A Telala anali akupinda nsalu ya suti, m'mbali mofanana, monga amachitira nthawi zonse asanatuluke.

A Penta anaima pakhomo, dzanja lili pachifuwa, n'kuwayang'ana mokwiya.

"Amayi, mukuchedwa ndi chiyani? Simunawerenge pepala? Alemba kuti mtima ukamathamanga munthu asazengereze."